Chikhulupiriro ndi Ndondomeko ya Maphunziro a Mwana wa Zaka Zisanu ku Chongwe

Banja lachikhristu limene lasankha kuphunzitsira pakhomo mwana wa zaka zisanu, m'malo momutumiza ku sukulu ya mkaka, limakumana ndi funso lakalekale la maphunziro a zaumulungu, lakuti kodi chikhulupiriro chingaphunzitsidwe monga momwe kuwerenga ndi masamu zimaphunzitsidwira. Funsoli limavuta chifukwa ndondomeko ya maphunziro, yomwe ndi mndandanda wa zimene mwana ayenera kuphunzira, nthawi yoziphunzirira ndi njira yoyesera ngati wazigwira, imayenda bwino pa zinthu zoyezeka, pamene kudalira Mulungu sikungachongedwe ndi cholembera.

Boma la Chongwe, lomwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, lili ndi mbiri yaitali ya maphunziro. Ansembe a chipani cha Jesuit adatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, ndipo ku Chalimbana, komwe lero kuli yunivesite, aphunzitsi akhala akusulidwa kuyambira mu 1939. Dziko la Zambia nalo lidalengezedwa ndi Pulezidenti Frederick Chiluba mu Disembala 1991 kuti ndi lachikhristu, mawu amene adalowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo kuchokera mu 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira ku sukulu ya mkaka. Motero kholo la ku Chongwe losunga mwana pakhomo silikuthawa sukulu yokana Mulungu, koma kawirikawiri likuganizira kutalika kwa mtunda, kuchuluka kwa ana m'kalasi, kapena kufuna kuumba khalidwe la mwana ndi manja ake, popeza akuluakulu adati mmera mpoyamba.

Aphunzitsi akale a mpingo adasiya maganizo awiri othandiza pa nkhaniyi. Jan Amos Comenius, bishopu wa ku Moravia amene adakhala ndi moyo kuyambira 1592 mpaka 1670, adaphunzitsa kuti zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira ndi sukulu ya mayi, mmene mwana amadziwira dziko poona, pokhudza, pomva ndi potsanzira, asanafike pa mabuku. Augustine wa ku Hippo, m'buku lake lotchedwa De Magistro, lomwe ndi zokambirana zake ndi mwana wake Adeodatus, adafika pa mfundo yakuti mawu a mphunzitsi amangolozera ku choonadi, koma amene amachititsa munthu kuchizindikira mumtima ndi Khristu. Maganizo awiriwa akaphatikizidwa ndi lamulo la pa Deuteronomo 6, limene limaika chiphunzitso m'kati mwa zochitika za tsiku ndi tsiku za pabanja, zimaoneka kuti ndondomeko ili ndi mphamvu pa zimene mwana aziona, azimva ndi kuchita, koma ilibe mphamvu yobala chikhulupiriro. Chikhristu cha ndondomeko sichidziwika ndi kuchuluka kwa mavesi oloweza, koma ndi kukhulupirika kwake ku msinkhu wa mwana, ku chilankhulo chake ndi ku malo amene akukhala.

Pa za msinkhu, mwana wa zaka zisanu satha kukhazikika nthawi yaitali, choncho phunziro lililonse liyenera kukhala lalifupi, lotsatana ndi masewera kapena ntchito yopepuka. Mmawa ukhoza kuyamba ndi pemphero lalifupi ndi nkhani imodzi ya m'Baibulo, monga ya Yosefe kapena ya Zakeyu, yofotokozedwa pakamwa kwa sabata yathunthu mpaka mwana atha kuibwereza m'mawu akeake, zomwe zimaposa kuloweza vesi limene sakulimvetsa. Masamu safuna zogula, chifukwa njere khumi za chimanga zoyalidwa pamphasa, zimene mwana amazigawa pawiri, kuchotsapo zitatu n'kuwerenganso zotsala, zimaphunzitsa kuphatikiza ndi kuchotsera, monganso chala cholemba pamchenga chimazolowera malembo dzanja lisanagwire pensulo.

Pa za chilankhulo, Chongwe ndi kwawo kwa Asoli, ndipo mabanja ambiri amalankhula Chisoli kapena Chinyanja pakhomo, pamene mabuku ambiri a maphunziro a pakhomo ochokera kunja ali m'Chingelezi. Palibe cholakwika kuti mwana ayambe kumva Chingelezi kudzera m'nyimbo ndi mayina a zinthu, popeza adzachifuna kusukulu, koma pemphero ndi nkhani za Mulungu ziyenera kubwera m'chilankhulo chimene amadandauliramo akamva njala, kuopa kuti angakule akuganiza kuti Mulungu amamva chilankhulo cha alendo chokha. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 amapatsa kholo pochokera, ngakhale kuti liyenera kufewetsa mawu pofotokoza.

Nkhani ya malo ndiyo yozama koposa. Mabuku olembedwera ana a ku America amaonetsa Khirisimasi ya chipale chofewa, pamene Disembala wa ku Chongwe ndi mwezi wa mvula, wa kupalira ndi wa mango, ndipo chiphunzitso cha chilengedwe chimamveka bwino mwana akadzala yekha nyemba zingapo kuseri kwa nyumba n'kumazithirira. Koma malo omwewo amabweretsa mafunso olimba. Chilala cha 2024, chimene boma lidachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chidaonetsa ana minda yofota ngakhale mipingo idapemphera, ndipo ndondomeko yophunzitsa kuti mwana womvera amalandira chilichonse chimene wapempha imakonzera mwanayo kukhumudwa. Ndi bwino kumuuza zoona, kuti Mulungu amamva ngakhale pamene mvula yakana, ndi kumutenga pokagawira mnansi ufa. Chimodzimodzinso mwambo wa Chakwela Makumbi, umene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera popempha mvula ndi kudalitsa mbewu, mwana adzaumva ndithu, ndipo mipingo imasiyana maganizo pa mwambowu, koma kholo lililonse likhoza kufotokoza chikhulupiriro chake popanda kuphunzitsa mwana kunyoza agogo ake.

Otsutsa maphunziro a pakhomo amanena kuti amachotsa mwana pakati pa anzake, ndipo mfundoyi ili ndi mphamvu pakati pa anthu okhulupirira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chikhristu nachonso ndi chipembedzo cha mpingo, ndipo kukhululuka, kudikira nthawi yako ndi kugawana siziphunzirika popanda mnzako wokulanda chidole. Ndondomeko yabwino imapatula nthawi ya Sande sukulu, ya masewera ndi ana a m'mudzi ndi ya nthano za agogo, komanso imayang'ana zimene Unduna wa Zamaphunziro umayembekezera kwa mwana wolowa Giredi 1, kuti asadzapezeke wotsalira.

Pakutha pa chaka kholo likhoza kuyesa ngati mwana akuzindikira malembo, akuwerenga manambala ndi kufotokoza nkhani mwadongosolo, ndipo pamene pali poperewera likhoza kukonza. Za mumtima siziyesedwa motero, ndipo kholo lofuna umboni wachangu wa kutembenuka mtima limangophunzitsa mwana kunena zokondweretsa akuluakulu. Gawo limene kholo lingaliyese mosakayika ndi khalidwe lake lomwe, monga kusunga lonjezo, kulanga mopanda ukali ndi kupepesa likalakwira mwana, chifukwa pa msinkhu umenewu mwana amayamba kuganizira za chilungamo ndi chifundo cha Mulungu potengera zimene waona kwa omulera.