Wamva kwa Yani?

Padangokhala ana awiri, mnyamata ndi mlongo wake, obadwira ku Lilongwe. Mayi awo anali a ku Likoma, koma anawo chilumbacho ankangochimvera m'kamwa mwa anthu. Tchuthi china aphunzitsi anapereka ntchito yoti aliyense akalembe mbiri ya kwawo, ndipo mayi awo anati, "Kwanu si m'tauni muno. Longedzani, mukaone agogo anu."

Anakwera Ilala pa Nkhata Bay, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Anadutsa pa Chizumulu, kenako anaona miyala ikuluikulu ndi mitengo ya malambe ili mbwee. Patsidya pankaoneka mapiri a ku Mozambique, pafupi zedi, moti ngalawa zimawoloka kukatenga nkhuni ku Cobué.

Msuweni wawo, mwana wa amalume, ndiye anawayendetsa. Anawaonetsa usipa uli pamathandala, anawaseka poona akulimbana ndi kondowole womata m'zala, ndipo atafika kumchenga wina wokongola analoza kanyumba kaudzu kamene kanali pansi pa mlambe.

"Koma uko osapitako," anatero. "Kuli mfiti."

Posakhalitsa inatulukira nkhalamba ikuchokera kunyanja, mtsuko uli pamutu. Msana unali wopindika, maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri. Ana ake ena anamwalira, wotsalayo anatchona ku Joni. Ana a m'mudzimo anayamba kuigenda ndi zigoba za malambe uku akuikuwiza. Mtsikana uja anabwerera m'mbuyo. Koma mnyamata, poopa kuti amutcha wamantha wa m'tauni, anatola mwala n'kuponya. Phwaa! Mtsuko unasweka, madzi onse anathera pathupi pa gogoyo.

Gogo sanatukwane. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kumuyang'ana mnyamatayo.

"Iwe, zoti ndine mfiti wamva kwa yani?"

Mnyamata analiyatsa liwiro.

M'mawa mwake awiriwo anakwera ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mnyamata ankati ntchito yake yatha kale, pakuti zonse anali atakopera pafoni. Anapeza mkulu wina wosamalira tchalitchicho akusesa pakhomo, ndipo mkuluyo anaika tsache pansi n'kuwalowetsa. Anawauza za amishoni a UMCA amene anakhazikika pachilumbapo mu 1885, za William Percival Johnson amene ankayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndi za Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu, n'kukaikidwa ku Nkhotakota. Anati ntchito yomanga inayamba mu 1903, tchalitchi n'kupatulidwa mu 1911. Anatinso sukulu za mishoni ndizo zinachititsa kuti ana a ku Likoma amwazikire ku Zambia, Zimbabwe ndi ku Joni monga aphunzitsi ndi makalaliki.

"Zonsezo ndalemba kale," anatero mnyamata, akuyasamula.

Mlongo wake ndiye anafunsa. "Nanga bwanji anamanga pano, osati penapake?"

Mkulu uja anakhala kaye chete. "Pamene mwapondapa ndi pamene kale ankawotchera anthu amene anenedwa kuti ndi mfiti."

Mnyamata anayang'ana mapazi ake.

"Analidi mfiti?" anafunsanso mtsikana.

"Mwanawe, ine ndimadziwa za mabishopu, poti zinalembedwa. Za owotchedwa, ndi za amayi amene anasenza miyala iyi, kafunseni agogo a pansi pa mlambe kugombe kuja. Watsala ndi mainawo ndi iwo okha."

Nkhani ya mtsuko inali itafika kale kwa agogo awo, paja pachilumba nkhani siichedwa. Agogowo sanathyole mkwapulo. Anangoti, "Pepani satunga madzi. Kuyambira mawa, madzi a amayi aja uzitunga ndiwe mpaka tsiku limene udzakwere Ilala."

Inali nyengo ya mwera. Mnyamata ankadzuka kuli mbuu, mphepo ikuluma, kukaviika ndowa m'mafunde. Ankaitula pakhomo pa gogo n'kuthawa. Tsiku lina mlongo wake anamuperekeza, ndipo m'malo mothawa anagwada pakhomo n'kuti, "Odi, agogo." Gogo anayala mphasa. Anaphula chinangwa chootcha n'kuwanyemera. Mnyamata anachigwira nthawi yaitali osachiluma, akukumbukira zimene ana ankanena za chakudya cha m'nyumba imeneyo. Mlongo wake anali atamaliza kale chake ndipo akupempha china.

"Agogo a mayi anga anawotchedwa pa Chipyela," gogo anayamba. "Makolo awo anathawira kuno nkhondo za Angoni, poganiza kuti pakati pa madzi pali mtendere. Chaka china mwera unagubuduza bwato, amuna n'kumira. Maliro asanathe, mawu anayamba kuyenda akuti mphepoyo inachita kutumidwa. Mmodzi ananong'oneza mnzake, mnzakeyo wina, mpaka mudzi wonse unkati ukudziwa. Atawawotcha, munda wawo wa chinangwa anautenga ndi bambo yemwe uja anayamba kunong'ona."

Gogo anasonkheza moto.

"Anasiya mwana wamkazi, amene ndi agogo anga. Atakula, anali m'gulu la amayi osenza miyala ndi madzi pamutu kukwera nazo ku Chipyela. Ankati mwala uliwonse ankauika pansi mwaulemu, poti pamenepo ndiye panali manda a mayi awo."

Kenako anayamba kutchula maina: uyu anasenza ali ndi pakati, uyu anathyoka mwendo, uyu ndiye ankayambitsa nyimbo paphiri. Mtsikana ankalemba mpaka dzanja linawawa. Mnyamata anatulutsa kope lake lija n'kutsegula tsamba latsopano.

Atatha, gogo anatembenukira kwa iye. "Mdzukulu wanga, funso langa sunandiyankhe. Wamva kwa yani?"

"Kwa msuweni wanga, agogo."

"Nanga iye?"

"Kaya."

"Kamufunse. Maina otsala ndidzakuuzani mukabwera ndi yankho."

Msuweni anati anamva kwa mnzake wosewera naye mpira. Mnzakeyo anati anamva kwa mayi ake. Mayiwo anawapeza pathandala akutembenuza usipa, ndipo poyamba anakalipa kuti ana a masiku ano alibe mwambo, koma pamapeto anati anamva kumsika wa ku Mbamba kwa mayi wogulitsa mandasi. Wamandasi anati, "Ine sindinaonepo kanthu, ndinangomva kwa mlamu wanga." Aliyense amene ankamufunsa ankayamba molimba mtima ndithu, koma akafunsidwa chimene anaona ndi maso ake, mawu ankachepa. Mlamu uja anamupeza kugombe akusoka chilimira. Anakanda kumutu n'kunena kuti anamva kwa abwana ake, eni ake a boti limene amagwirako ntchito.

"Boti liti?" anafunsa mtsikana.

Munthuyo analoza ndi singano yake. Msuweni, amene nthawi yonseyi ankawatsata akuseka, analeka kuseka. Linali boti la bambo ake.

Apo m'pamene ana aja anakumbukira zikhomo zimene ankazilumpha m'mawa uliwonse popita ndi ndowa, zokhomedwa kuzungulira mlambe mpaka kumchenga. Anakumbukiranso mmene amalume ankakambira usiku za nyumba zogona alendo, kuti azungu amalipira bwino akapeza gombe loyera.

Madzulo a tsiku limenelo banja lonse linali pakhonde, nsima ndi utaka zili pakati. Agogo anafunsa kuti mbiri ija ikuyenda bwanji. Mtsikana anafotokoza za Chipyela, za bwato logubuduzika ndi za munda wa chinangwa. Kenako mnyamata anayamba kutchula anthu mmene anawayendera: msuweni, mnzake, mayi ake, wamandasi, mlamu. Atafika pamenepo anameza malovu.

"Amalume, pepani, ndifunse nawo. Inuyo munamva kwa yani?"

Mbamu imene amalume anali atatema inaima m'malere. Anayang'ana mwana wawo, mwanayo anazolika. Anayang'ana agogo.

"Mwana wakufunsa," anatero agogo. "Muyankhe."

Amalume anabweza mbamu m'mbale, anasamba m'manja n'kutuluka. Usiku umenewo palibe anamva akulowa.

Kutacha, mnyamata popita ndi ndowa anapeza zikhomo zonse zazulidwa, zaunjikidwa pafupi ndi mafuwa a gogo, ndipo zina gogoyo anali atasonkhezera kale moto wa phala. Msuweni anali pakhomo, atanyamula mtsuko watsopano, akusowa poyambira.

"Usaime ngati mlendo," anatero gogo. "Tula mtsukowo, ukhale apo. Iwe wa kope, tinalekezera pa yani?"