Manja amene sanalembedwe

Ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ana a sukulu akangotsika basi amathamangira panja pa nyumba yosungiramo zakale, pamene paima injini ya sitima yamalasha ndi magalimoto akalekale. Mtima wanga umakhalira m'kati, pa makasu, mikondo, mbiya ndi ng'oma. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1966, koma luso limene ikusunga ndi la makolo a makolo athu.

Khasu lachikale silinabwere ndi munthu mmodzi. Wina anakumba miyala ya chitsulo, wina anawotcha makala, ena anaumba ng'anjo n'kuichezera usiku, wina ali pa mvukuto, kenako wosula n'kumenya chitsulocho chikadali chofiira mpaka chitagonja. Anthu onsewo anali ndi maina, anali ndi mfunda, anali ndi ana amene ankawadikira pakhomo. Koma zinthu zotere, kuno ngakhale kunja, kawirikawiri zimafika kuseri kwa galasi zitangotchulidwa mtundu wa anthu ndi dera. Si mlandu wa ozisunga lero. Ozitolera a nthawi imeneyo sankafunsa kuti wasula ndani.

Ku Mandala nkhani imatembenuka. Nyumba yosanja ya kumeneko inamangidwa mu 1882, ndipo eni ake timawadziwa bwino: John ndi Frederick Moir, a kampani ya African Lakes imene inayambira ku Glasgow mu 1878. M'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe la mu 1946, ndipo mabuku, mapu ndi zithunzi zakale zasungidwa mwaulemu. Ozisungawo ndimawathokoza. Komabe ndikaima pakhonde lake ndimaganiza za amtengatenga, amene ankasenza katundu wa kampaniyo kuchokera kwa Katunga, kukwera phiri kufika ku Blantyre, n'kutsikanso mpaka ku Matope, chifukwa mathithi a Shire sankalola sitima kudutsa. Nkhata pamutu, mapazi opanda nsapato. Mzinda uno unakulira pamakosi pawo. N'chimodzimodzi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891: dzina la David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, aliyense amalitchula, koma oumba njerwa zokongola zija ndi ochepa angawatchule.

Pansi pa nyumba yomweyo ya Mandala pali La Caverna, pomwe pamapachikidwa zojambula za amisiri a masiku ano. Apa pokha wojambula amasaina pakona, ndipo ndimawerama n'kuwerenga dzina lililonse, ngakhale sindikugula kanthu.

Oumba mbiya akadalipo m'midzi mwathu, osema ng'oma ndi oluka malichero akadalipo. Mbiya ya mayi wotere ikadzalowa ku Chichiri, ndikufuna padzalembedwe dzina lake, mudzi wake, amene anamuphunzitsa, ndi dambo limene ankakumbako dothi.