Kodi Wonena Zoona Zokhazokha Angakhale Wonyenga?

Malole ochokera ku doko la Dar es Salaam akawoloka mlatho wa Songwe n'kulowa m'boma la Karonga, anthu amaona mafuta, feteleza, matayala ndi mabelo a kaunjika. Pakati pa katundu wodutsa njira imeneyi pamakhalanso mabokosi akuda achitsulo olembedwa Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena Lenovo ThinkCentre. Awa ndi makompyuta amene anakalambira m'maofesi a maiko akunja, eni ake n'kuwachotsa atagula atsopano. Ena mwa iwo amalonda amawaika graphics card, kachipangizo kamene kamajambula zithunzi pa sikirini, n'kuwapatsa dzina latsopano loti gaming PC.

Wogula kawirikawiri si munthu wa ndalama zotayira pa masewera. Ndi mnyamata wa ku Kaporo, ku Uliwa kapena wa pa boma pomwepo, amene wagulitsa matumba ake a mpunga kapena wasunga za kabaza kwa miyezi, ndipo akufuna kutsegula kachipinda koti anzake azilipira pa gemu iliyonse ya mpira. Ambiri amathamangira PlayStation, koma kompyuta ili ndi chokopa chake: masana imalemba makalata ofunsira ntchito ndi kuika nyimbo m'mafoni, madzulo imasanduka bwalo la Arsenal ndi Manchester United. Akafika pa kauntala funso lake limakhala limodzi: "Achimwene, imasewera FIFA imeneyi?" Wogulitsa amaloza kapepala komata kutsogolo kwa bokosi. "Core i7 iyi, bwana wanga. RAM 16 GB, graphics 4 GB. FIFA ikusewera bwinobwino."

Mawu onsewa akhoza kukhala oona. Purosesa ndi Core i7 ndithu, koma ndi i7-2600 imene Intel inatulutsa mu Januwale 2011, ndipo Core i3-12100 ya mu 2022, ngakhale dzina lake likumveka laling'ono, imaisiya kutali. Graphics card ilidi ndi 4 GB, koma ndi GeForce GT 730, imene ili ndi malo ambiri osungira zithunzi pomwe mphamvu yozijambula msanga ilibe. FIFA ikuseweradi, koma ya 2014. EA Sports FC 24, imene inalowa m'malo mwa dzina la FIFA mu Seputembala 2023, imafuna GTX 1050 Ti kapena yoposa pamenepo kuti ingoyamba kuyenda mwaulemu.

Wogulitsa sananame ngakhale liwu limodzi, koma mnyamata wabwerera kwawo atanyamula chinthu chimene sichingachite zimene anachigulira. Kodi pamenepa palakwika chinthu pamaso pa Mulungu ndi anthu, kapena ndi malonda basi?

Kuti funsoli limveke kulemera kwake, pafunika kudziwa mmene bokosilo limagwirira ntchito. Gemu yoyenda bwino imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndiye kuti chithunzi chilichonse chiyenera kukhala chitapsa m'mamilisekondi pafupifupi 17. Purosesa imawerengera pamene pali wosewera aliyense ndi kumene mpira ukulowera, graphics card n'kujambula zimenezo. Purosesa ikamaliza gawo lake m'mamilisekondi 5 koma khadi n'kutenga 50, wosewera amangoona zithunzi pafupifupi 20, mpira ukudumphadumpha. Liwiro la makina onse limachokera ku chiwalo chofooka kwambiri, ndipo ndalama imene inapita ku chiwalo champhamvu imangogona osagwira ntchito. RAM nayo ili ndi chinsinsi chake: timitengo tiwiri ta 8 GB timayenda bwino kuposa kamodzi ka 16 GB, chifukwa purosesa imatunga pa mipopi iwiri nthawi imodzi. Kompyuta ya hard disk yakale imasiya makasitomala akuyasamula podikira gemu kuti itseguke, pomwe ya SSD imatsegula mosataya nthawi.

Kutchipa pakokha si tchimo. Kompyuta yakale ya Core i5-6500 ya mu 2015, yoikidwa GTX 1050 Ti ya mu 2016 kapena GTX 1650 ya mu 2019, timitengo tiwiri ta RAM ndi SSD, ndi makina aulemu wake. Palibe chiwalo chodzitama, palibenso chokoka zinzake m'mbuyo, ndipo GTA V imayenda popanda dandaulo. Vuto ndi lakuti makina oterewa sakopa maso. "i5" imamveka yochepa pamaso pa "i7", ndipo palibe kasitomala amene amafunsa za power supply, kabokosi kamene kamagawa magetsi ku ziwalo zonse. Choncho womanga makina a mtengo wotsika amakokedwa kuika ndalama pa chimene chimawerengeka pa chikwangwani, n'kufinya pa chimene chili mumdima.

Khalidwe limeneli silinayambire pa msika wa Karonga. Mu 2017 kampani ya Nvidia inatulutsa GeForce GT 1030 yokhala ndi memory ya GDDR5. Chaka chotsatira pa msika panabwera ina ya dzina lomwelo koma ya DDR4, imene pa magemu ambiri imachita pafupifupi theka la inzake. Izi zisanachitike panali nkhani ya GTX 970, yogulitsidwa ngati ya 4 GB pomwe 3.5 GB yokha ndiyo inkayenda pa liwiro lonse. Ogula a ku America anakasuma, ndipo mu 2016 kampaniyo inavomera kulipira madola 30 kwa wogula aliyense. Pa bokosi panalidi 4 GB. Chimene sichinanenedwe ndicho chinafikitsa nkhani ku khoti.

Malemba opatulika amalankhula mwamphamvu za chinyengo pa malonda. Buku la Levitiko limalamula miyeso yolungama, la Miyambo limati sikelo yonyenga imamunyansa Mulungu, ndipo mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso n'kumagulitsa mungu wa tirigu kwa osauka. Qur'an ili ndi sura yathunthu, ya 83, imene dzina lake likuchokera kwa anthu opungula muyeso. Komabe sikelo ndi nkhani yosavuta kuweruza: kilogalamu ndi kilogalamu, ndipo a Malawi Bureau of Standards akhoza kubwera ndi miyala yawo n'kuyesa. Wogulitsa kompyuta uja sanapungule kalikonse. Nkhani yoyandikira mlandu wake ili m'mabuku a hadith a Sahih Muslim, pamene Mtumiki Muhammad anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti pansi pake n'ponyowa. Mwini wake anati inagwerapo mvula. Mtumiki sanamuimbe mlandu wogulitsa chakudya chonyowa. Anamufunsa chifukwa chake sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione. Ku Karonga nkhani imeneyi sifuna womasulira, pakuti wogula mpunga aliyense amadziwa chifukwa chake amapisa dzanja mpaka pakati pa thumba: Kilombero wonunkhira akhoza kukhala pamwamba pokha.

Anthu akale oganiza mozama analimbana nalo funso lomweli. Mu chaka cha 44 Khristu asanabadwe, Cicero wa ku Rome analemba za munthu amene wabwera ndi chombo cha tirigu kuchokera ku Alexandria kufika ku chilumba cha Rhodes nthawi ya njala. Iye akudziwa kuti zombo zina zambiri zili m'njira ndipo mtengo utsika posachedwa, koma anthu a pa chilumbacho sakudziwa. Awauze, kapena angogulitsa pa mtengo wokwera? Cicero anaika aphunzitsi awiri pa mkangano. Diogenes wa ku Babylon anati kukhala chete n'kosiyana ndi kubisa, ndipo wamalonda sakakamizidwa kunena zonse zimene akudziwa. Wophunzira wake, Antipater wa ku Tarsus, anati munthu anabadwira kuthandiza anthu anzake, ndiye sangasunge mumtima chinthu chimene chingawapulumutse. Cicero anaima ndi Antipater.

Thomas Aquinas, wansembe wa chipani cha Dominican amene anamwalira mu 1274, anaidula nkhaniyi pawiri m'buku lake la Summa Theologiae. Chilema chobisika chimene chingabweretse ngozi kapena kuluza kwa wogula, wogulitsa ayenera kuchiulula. Chilema choonekera, monga kavalo wa diso limodzi, sakakamizidwa kuchilengeza, bola atsitse mtengo moyenera, popeza wogula ali ndi maso ake. Pa nkhani ya tirigu, Aquinas anati wogulitsa wokhala chete sanaphwanye chilungamo, ngakhale akanachita bwino koposa akanaulula.

Ogulitsa makompyuta ambiri akanamva chiphunzitsochi akanathawira kwa kavalo uja. Zonse zili poyera, angatero: nambala ya purosesa inalembedwa, dzina la khadi likuoneka pa sikirini, wofuna atsegule bokosi aone. Koma pothawira pamenepa m'posalimba. Kavalo wa diso limodzi amaonekera kwa aliyense, ngakhale kwa mwana. Nambala yoti 2600 imaonekera kwa okhawo amene amadziwa kuti 2 woyambayo akutanthauza m'badwo wachiwiri wa mapurosesa a Core. Kwa katswiri wokonza makompyuta ku Mzuzu chilemacho chili pamphumi, koma kwa mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Hara chakwiriridwa, ngakhale chalembedwa pamaso pake. Choncho kuonekera kapena kubisika kwa chilema kumadalira amene waima kutsogolo kwa kauntala, ndipo wogulitsa amamudziwa munthuyo pa mafunso ake oyamba. Akaona kuti wogula akumva "i7" ngati lonjezo la liwiro, iye n'kumusiya akhulupirire choncho chifukwa ndi chikhulupiriro chimenecho chimene chikutulutsa ndalama m'thumba, wagwiritsa ntchito zoona kuti abzale bodza m'mutu mwa mnzake. Ngakhale pa muyeso wofatsa wa Aquinas, mlandu ulipo.

Ndipo kuluza kwake si kwa masewera chabe. Karonga ndi dera lotentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo m'kachipinda ka malata modzaza anyamata kutentha kumaposa kwa panja. Purosesa ikatentha kufika pafupi ndi madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye kompyuta ya fani yodzaza fumbi imayamba kutsimphina nthawi yomwe makasitomala achuluka. Mabokosi ang'onoang'ono a m'maofesi ambiri ali ndi power supply ya mawati 240 kapena kucheperapo, ndipo mitundu yambiri ili ndi mapulagi akeake osagwirizana ndi power supply wamba. Khadi lofuna magetsi ambiri likaikidwa m'bokosi lotere, makina amazima pakati pa gemu. Kuthimathima kwa magetsi a ESCOM kukawonjezera pamenepo, chiwalo chimene palibe anachitchula pa kauntala chimakhala choyamba kufa. Amene wataya ndi mwini mpunga wa chaka chonse.

Wogulitsa naye ali ndi mbali yake, ndipo iyenera kumveka. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo wopita kukaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amawerengera shilingi iliyonse. Ena sadziwa n'komwe kusiyana kwa GT ndi GTX. Anauzidwa "4 GB" ndi amene anawagulitsa, nawo akungobwereza. Munthu wotere si wonyenga, ngakhale kuti amene wasankha kudyera pa katundu wina wake ali ndi udindo womuphunzira. Palinso mantha enieni akuti ukanena kuti i7 iyi ndi yakale, kasitomala alowa shopu yoyandikana nayo kumene sanena. George Akerlof, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001, anaonetsa mu 1970 kumene mantha amenewa amathera. Pa msika wa magalimoto akale, wogula akalephera kusiyanitsa yabwino ndi yoipa amangopereka mtengo wapakati, eni magalimoto abwino n'kuchoka pa msikawo. Chimodzimodzi, womanga kompyuta ya ziwalo zolingana amagonja kwa womata kapepala ka i7, ndipo pamapeto pake boma lonse limadzaza makina opunduka.

Chimene chilungamo chikufuna kwa wogulitsa si phunziro la maola atatu. Ndi kutchula chiwalo chofooka molingana ndi ntchito imene wogula wanena: "Achimwene, pa zolemba ndi nyimbo iyi ikutumikirani bwino, koma mpira watsopano khadi ili silingakwanitse, muwonjezere ndalama titenge GTX 1050 Ti, kapena mutenge i5 iyi yotsikirapo mtengo, yotsalayo ipite ku khadi." Mawu oterewa amamuchititsa wogula kukhala munthu wosankha yekha ndi maso otseguka, ndipo ndicho chimene nkhani ya mulu wonyowa ija ikufuna.

Zombo za ku Alexandria nazo zikubwera. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 salandira mwalamulo mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wachisanu ndi chiwiri kutsika m'munsi. Maofesi a kunja akuchotsa makina oterewa, ndipo ena adzatsikira ku Songwe. Wogulitsa amene akudziwa kuti mitengo itsika katunduyu akachuluka akhoza kukhala chete, Aquinas n'kumukhululukira, ngakhale Cicero sangatero. Koma zoti i5-6500 imene ili pa shelefu lero silandira Windows 11 mwa njira yovomerezeka si mphekesera ya msika wa mawa. Ndi chilema chimene chili kale m'bokosimo. Kwa wofuna kungoseweretsa anyamata mpira popanda intaneti, chilemacho n'chaching'ono ndipo makinawo ndi oyenera ndalama yake. Kwa wofuna kulowa nayo ku banki pa intaneti kapena kusungamo zikalata za makasitomala kwa zaka zikubwerazi, n'chachikulu, ndipo wogulitsa sangadziwe kuti amene waima pamaso pake ndi uti mwa awiriwa ngati samufunsa.