Muyeso Umene Timautenga Sabata Likatha

Anthu amene mneneri Amosi anawadzudzula pa mutu 8 wa buku lake anali osunga Sabata. Mfundo imeneyi tiigwiritsitse tisanapite patali, pakuti kawirikawiri timaiwerenga ndimeyo ngati ikunena za anthu akunja. Iwo ankatseka nkhokwe zawo dzuwa lisanalowe pa tsiku lokonzekera, ndipo pa maola opatulika sankagulitsa kanthu. Wowayang'ana sakadapeza chowaneneza pa lamulo lachinayi. Koma Amosi, woweta nkhosa wa ku Tekoa, amene analalikira mu ufumu wa kumpoto zaka pafupifupi 760 Khristu asanabadwe, m'masiku a mfumu Yerobiamu wachiwiri, anaulula chimene chinali m'mitima yawo. Anali kuwerenga maola, kuyembekezera kuti Sabata lithe abwerere ku malonda awo a tirigu.

Tiyeni tione mmene malondawo ankachitikira. Masiku amenewo ndalama zosula zinali zisanafike m'Israyeli. Wogula ankabwera ndi zidutswa za siliva, ndipo wogulitsa ankaziyeza pa sikelo ndi mwala wotchedwa sekeli. Ofukula za m'mabwinja apeza miyala yambiri yotere m'dziko la Yuda, ndipo sekeli imodzi inkalemera magalamu oposa 11 pang'ono. Tirigu ankamuyeza mu efa, mulingo wa malita pafupifupi 22, wosasiyana kwambiri ndi ndowa yathu ya malita 20. Amosi 8:5 akunena kuti amalondawo ankachepetsa efa ndi kukulitsa sekeli. Ndiye kuti mphawi ankaberedwa kawiri pa malonda amodzi: siliva wake ankatuluka wochuluka, tirigu wake ankabwera wopereweza. Vesi lotsatira likuwonjeza kuti ankagulitsa ngakhale zinyalala zosesa pansi pa tirigu.

Funso limene ndimeyi ikutiikira ndi lakuti, kodi chikhulupiriro cha amalondawa chinali chiti? Tikadawafunsa, akadayankha mosazengereza kuti amapembedza Yehova, ndipo sakadakhala akunama mwadala. Komabe chimene chinkalamula manja awo masiku asanu ndi limodzi chinali phindu. Munthu angathe kukhala ndi chikhulupiriro chimene amachivomereza pakamwa ndi china chimene chimamutsogolera, iye mwini osadziwa kuti ndi ziwiri. Choyambacho chimamveka m'kalasi ya Sukulu ya Sabata. Chachiwiri chimaoneka pamene munthu wagwira sikelo, wogula ndi mwana wosadziwa kuwerenga manambala, ndipo palibe wina woona.

Lamulo la pa Deuteronomo 25:13-16 lili ndi kanthu kena kamene sitikalabadira. Silikuletsa kuyeza monyenga kokha. Likuletsa ngakhale kusunga miyala iwiri yosiyana m'thumba, kapena miyeso iwiri yosiyana m'nyumba, waukulu ndi waung'ono. Chifukwa chiyani Mulungu analowa mpaka m'thumba la munthu? Chifukwa mwala wachinyengo sunkasemedwa pamsika, pakati pa phokoso ndi changu. Unkasemedwa kunyumba, munthu ali phee, ataganiza bwino. Tsiku limene wausema ndilo tsiku limene wasankha kuti adzakhala munthu wotani. Zochitika pamsika zimangokwaniritsa chimene chinatsimikizidwa kale. Motero amene amati anangogwa m'mayesero mwadzidzidzi afunsidwe kuti mwala wachiwiriwo unafika bwanji m'thumba mwake.

Sitifunikira kupita ku Samariya kuti tione miyeso iwiri. Nyengo yokolola ikafika, ogula mbewu amakhazikika m'mbali mwa misewu ndi m'misika ya kumidzi. Alipo amene ali ndi ndowa yogulira, yofutukulidwa bwino, ndi ina yogulitsira imene pansi pake anapakhomera m'kati. Alipo amene sikelo yawo imayamba kuwerenga katundu atalemera kale. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda, koma woyesayo sangakhale pa mtengo uliwonse pamene sikelo yapachikidwa. Tiwerengere pamodzi. Sikelo ikamadya makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, mlimi wogulitsa matumba 25 wapereka thumba lathunthu kwaulere. Thumba limenelo analilimira, analipalira, analithirira feteleza wangongole.

Mlimi naye amadziwa zimenezi, ndipo ali ndi yankho lake. Amawaza madzi pa chimanga kapena pa mtedza kuti zilemere. Amathira mchenga mu nyemba. Amabisa fodya woipa pakati pa belo. Mukamufunsa sachita manyazi: akuti akungobweza chimene sikelo imulanda. Apa mpamene funso lathu likuvuta, ndipo tisaliyankhe mopepuka ngati anthu amene sanagulitsepo mbewu pa mtengo wolira. Kodi nkulakwa kunyenga wonyenga? Mlimiyo alidi wolakwiridwa, ndipo mkwiyo wake uli ndi chifukwa.

Koma titsatire thumba lija kumene likupita. Wogula uja sadya mchengawo. Amagulitsa thumbalo kwa wina, winayo nkulisunga kufikira mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zatha. Wodzaligula potsiriza ndi mayi wamasiye wogula mbale imodzi, kapena banja la m'tauni lodya zogula tsiku ndi tsiku. Ndipo mbewu yosungidwa yonyowa imachita chuku, chimene chimabala poizoni wowononga chiwindi, wosatha ngakhale chakudyacho chitaphikidwa. Chotero chilango chimene mlimi anakonzera womubera chimagwera mwana amene sanam'lakwire konse. Chinyengo sichikhala pamene tachiika. Ndipo chaka chotsatira wogula, podziwa kuti mbewu zimabwera zonyowa, amapotozanso sikelo yake, nayenso nkumati akungodziteteza. Aliyense mwa awiriwa ali ndi mlandu weniweni pa mnzake, ndipo aliyense akuusandutsa chilolezo.

Ena a ife tingadzimve otetezeka chifukwa sitigulitsa kanthu. Miyambo 20:14 sitisiya. Ikujambula wogula amene amanyoza katundu pamaso pa mwini wake, koma akachoka amadzitama kuti wagula motchipa. Kunenerera mtengo si tchimo. Ndi mwambo wa msika umene onse awiri amaudziwa. Koma pali malire. Tikamanena kuti tomato ndi wovunda tikuona kuti ndi wabwino, tanama. Tikamapanikiza mayi amene dzuwa lamulowera, podziwa kuti sangabwerere nawo kumudzi masamba ake, nkumuumirizanso basela, tayeza thukuta lake ndi efa yochepa. Nzodabwitsa kuti m'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsutsa, koma ukatswiri wathu wonse wonenerera timausungira osauka. Chimodzimodzi ndi wolemba waganyu amene amapimitsa ndime yaikulu m'mawa, madzulo nkupeza chifukwa chodulira malipiro.

Tsono wina adzafunsa: kodi kuona mtima kumapindulitsa? Nthawi zina kumatero. M'zaka za m'ma 1650 ku England kunabuka gulu la Akhristu lotchedwa Quakers, lotsogozedwa ndi George Fox. Amalonda a gululi ankakana kutchula mtengo wokwera kuti autsitse pambuyo pake. Ankanena mtengo umodzi kwa aliyense. Fox anasimba kuti poyamba anthu anawathawa, ndipo ena anasowa ndi chakudya chomwe. Patapita nthawi anthu anaona kuti angathe kutuma mwana kusitolo ya munthu wotere osaopa kuti aberedwa, ndipo malonda awo anakula koposa a anzawo.

Nkhaniyi ndi yolimbikitsa, koma tiisamale. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Immanuel Kant, polemba mu 1785 anapereka chitsanzo cha wogulitsa m'sitolo amene sakweza mtengo kwa wogula wosadziwa, kotero kuti mwana amagula monga wamkulu. Kant anati zimenezi pazokha sizitiuza kuti munthuyo ndi wolungama, pakuti mwina akuchita chotero pofuna kusunga makasitomala. Pamenepa Kant ananena zoona. Ngati tiyeza molungama chifukwa choti kumapindulitsa, ndiye kuti chotitsogolera chikadali phindu, ndipo tsiku limene chilungamo chidzatidyera ndalama tidzachisiya. Tsiku lotero limafika ndithu. Wogula mbewu woona mtima, atakhala pakati pa anzake a masikelo opotoka, sangathe kulengeza mtengo wokwera ngati iwo, pakuti iwo amabweza pa sikelo chimene alonjeza pakamwa. Alimi adzamudutsa kupita kwa amene akuwabera. Asafu, mu Salmo 73, anavomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona mtendere wa oipa. Sitiyenera kulonjeza achinyamata athu kuti akakhala okhulupirika adzalemera. Ena adzasauka nako kukhulupirikako, ndipo mpingo umene unawaphunzitsa uyenera kukhala wokonzeka kugula kwa iwo ndi kuwathandiza.

Nanga ngati phindu si chifukwa chokwanira, chifukwa chake nchiyani? Levitiko 19:35, 36, atalamula za sikelo ndi efa zolungama, akupereka chifukwa chimodzi: Wolamulayo ndi Yehova amene anawatulutsa m'dziko la Aigupto. Tsopano tsegulani Deuteronomo 5:15, pamene Mose akubwereza lamulo la Sabata. Chifukwa chimene chaperekedwa pamenepo ndi chomwecho: anali akapolo m'Aigupto, ndipo Mulungu anawatulutsa. Sabata ndi sikelo zaikidwa pa maziko amodzi. Kapolo ndi munthu amene thukuta lake limatengedwa popanda malipiro. Wochepetsa muyeso amatenga kachigawo ka thukuta la mnzake popanda malipiro. Amachita pang'ono chimene Farao anachita kwathunthu. Nchifukwa chake Amosi, m'ndime yomweyo, akulumikiza efa yochepa ndi kugula aumphawi ndi siliva, osowa ndi nsapato. Amene ayamba ndi kudya makilogalamu a mnzake amatsiriza ndi kumuona mnzakeyo ngati katundu.

Pamenepa tikuona kuti amalonda a m'masiku a Amosi sanasunge lamulo lachinayi nkuswa lachisanu ndi chitatu lokha, monga tinaganizira poyamba. Ngakhale Sabatalo sanalisunge. Tsiku limene linaperekedwa kuti wantchito apume pamodzi ndi mbuye wake, ndi kuti onse akumbukire kuti anaomboledwa, iwo analisandutsa nthawi yodikira. Ife amene timadziwika ndi dzina la tsiku lachisanu ndi chiwiri tili pa ngozi imeneyi koposa ena, chifukwa kusunga kwathu Sabata kumaoneka ndi maso, ndipo chooneka ndi maso chimatonthoza chikumbumtima msanga. Anansi athu amadziwa kuti sitolo ya Mwadiventi imatsekedwa Lachisanu madzulo. Chimene tiyenera kudzifunsa ndi chakuti, kodi ikatsegulidwa pa tsiku loyamba la mlungu, amatumako ana awo ndi mtima wokhazikika? Ndipo chakhumi chochokera pa sikelo yopotoka, ngakhale chilembedwe bwino pa envelopu ndi kulandiridwa ndi msungichuma wa mpingo, chikadali gawo la chimanga cha munthu wina.

Kwa amene ali ndi ndowa ziwiri m'nyumba, Malemba sakunena za kumva chisoni kokha. Levitiko 6:2-5 akulamula kuti wonyenga mnzake abweze chinthucho chathunthu ndi kuwonjezapo limodzi la magawo asanu, ndipo achite zimenezi pa tsiku lomwe akubwera ndi nsembe yake yopalamula. Zakeyu, pa Luka 19:8, anapitirira pamenepo nalonjeza kubweza kanayi. Vuto la wamalonda wa pamsika ndi lakuti amene anawabera ndi ambiri, ndipo ena sadzawaonanso. Numeri 5:8 anaganizirapo za wolakwiridwa amene palibe, ndiponso alibe mbale wolandira m'malo mwake: chobwezacho chinkaperekedwa kwa Yehova kudzera mwa wansembe, osati kutsala m'manja mwa wolakwayo. Koma alimi ambiri amene amagulitsa pa sikelo zathu sali kutali chotero. Timadziwa midzi yawo ndi maina awo, ndipo ena timakhala nawo pa benchi limodzi m'kalasi muno. Kubweza kuyambire kwa amenewo, mbewu za chaka chino zisanafike pamsika.