Usanagule bwato, yamba wafunsa madzi

Mdzukulu wanga, amayi ako akuti ndalama zimene wabwera nazo ku Joni ukufuna kugulira boti la injini. Khala pansi kaye. Maboti amene umawasirira ku Mangochi anawakhomera nyanja yakuya, pomwe madzi akwathu kuno ndi ena.

Chilwa ndi nyanja yosaya. Malo ambiri nsungwi imagunda pansi, ndipo kuya kwake sikupitirira kwenikweni mamita atatu. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi: mvula imathira, dzuwa limamwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka, madzi atathawira kutali ndi gombe. Nyanja imaphwa, ngongole siphwa. Tsono bwato loyamba likhale loti ngakhale litakhala chaka chathunthu pamtunda, palibe adzabwere kudzazula malata a nyumba yako.

Injini imafuna petulo tsiku ndi tsiku, kaya wapha kaya sunaphe. M'njedza za kwa Mposa ndi ku Namanja, chopukusa chake chimakola udzu, chimakumba thope, mpaka umayamba kudyetsa makaniko m'malo modyetsa ana. Yamba ndi bwato losema, nkhafi ndi nsungwi yokankhira. Limalowa m'tinjira ta m'bango kumene milamba imabisala, ndipo anthu awiri atha kulikoka pamene madzi achepa. Boti la matabwa ndi la munthu wa khoka la matemba, amene ali ndi alovi oti aziwalipira. Iwe sunafikepo.

Pogula m'pamene anyamata mumapusitsidwa. Bwato lopakidwa penti watsopano uliope. Penti ndi phula zimabisa ming'alu. Ligadamitse, uligogode ndi chigwiriro cha mpeni kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Mtengo wamoyo umalira momveka, wofumbwa umangoti phu phu. Pamene wakayikira, baya ndi nsonga ya mpeni. Ikalowa mosavuta, bweza ndalama m'thumba. Yang'ana pansi pake: pakhale potakata ndi pophwatalala, chifukwa bwato lowonda limathamanga koma siligwirizana ndi munthu woimirira akuvuula ukonde. Kenako ulisiye m'madzi usiku wonse, m'mawa uone madzi amene lamwa. Kukapa pang'ono n'kwa bwato lililonse, koma loti wina azingokapa pamene mnzake akupalasa si bwato ayi. Ukwere ndi mnzako ndi katundu wolemera ngati nsomba za tsiku labwino, uone m'mphepete mwatsala potani. Mwera ukawomba pa Chilwa mafunde ake amakhala aafupi, otsatizana, ndipo amalowa m'bwato lodzaza osakupatsa mpata.

Ufunsenso mtengo umene anasema. Mbawa ndi mlombwa zimakhalitsa, koma masiku ano zasowa, ndipo a zankhalango safuna masewera pa mitengo imeneyi. Ambiri akusema mango, nsangu kapena bulugamu. Sindikuletsa, bola ulipire mtengo wa mango, osati wa mbawa, ukudziwa kuti pakapita zaka zochepa udzafuna lina.

Usathere ndalama zonse pa bwato. Bwato silipha nsomba. Zimapha ndi matchera, miono ndi mbedza. Usiye ina ya laisensi ya ku Dipatimenti ya za Usodzi, ndi ina yodyera miyezi imene makoka amatsekedwa, kuyambira Disembala, kuti makumba ndi matemba aswane. Ukafuna kukaweza ku Chiuta, ukayambe waonekera ku komiti ya pagombe. Anthu a kumeneko anathamangitsa eni makoka a nkacha m'ma 1990 ataona kuti akuwathera nsomba, ndipo mlendo wobwera ndi chida choletsedwa samuseka naye. Ine ndimawapatsa ulemu. Akanagona, bwenzi lero akugula usipa wa ku Mangochi.

Ukasankha kutsatira akuchimuna kwanu ku Balaka, n'kumaweza mu Shire, nkhani isintha. Kumeneko madzi amayenda, ndipo a pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, akatsegula zitseko, kumunsi kwa barajiyo mtsinje umakwera usanakonzeke. Namasupuni amatseka njira. Kuli mvuu, kuli ng'ona. Bwato lakenso likhale lolemererapo, la m'mphepete motalika, loti silipendama msanga, ndipo usamalendewetse mkono m'madzi pokoka ukonde. Uphunzire bwino malire a paki ya Liwonde. Ukawoloka, alonda adzakulanda bwato ndi maukonde omwe, iwe n'kukagona m'chitokosi.

Kusambira umakutha? Usandiyankhe msanga. Za kuthibwinika pa Likwenu uli mwana sindikuziwerenga. Ukagule jekete yoyandamitsa, anzako aseke, ndipo chaka choyamba uzipita ndi munthu wamkulu wodziwa mphepo za nyanjayo, ngakhale azitenga gawo la nsomba zako.