REPU WATHU WAKULA BWINO, KOMA KODI TIMGULITSE?

Achinyamata anzanga, ndabwera ndi nkhani ya dimba lathu la kuno ku Mukobeko, m'tauni ya Kabwe. Inativuta mutu kwa masabata angapo, ndipo ndifuna kuti nanunso muiganizire.

Dimba limeneli ndi la tonse. Tilimo anyamata ndi atsikana a mumpingo, pamodzi ndi amai angapo a m'komboni amene alibe malo olima kunyumba kwao. Aliyense ali ndi bedi lake lothirira, koma chitsime ndi chimodzi, mpanda ndi umodzi, ndipo ndalama zonse za zogulitsa zimalowa m'thumba limodzi. Timalima repu, matimati, anyezi, impwa ndi chibwabwa, ndipo m'mbali mwa mpanda tinabzalamo mapapaya, magwafa ndi nthochi. Ndalama za m'thumba timagulira mbewu, ndipo zotsala timagulira anzathu amasiye mayunifolomu, nsapato ndi makope.

Chaka chatha, m'nyengo yozizira, mnzathu wina anatipezera dothi lakuda lodzaza lole, laulere. Tinakondwa kwambiri. Tinalituta ndi wilibala ndi kulithira m'mabedi anai. Repu anakula wa masamba aakulu, ndipo amai ogulitsa pamsika anayamba kumlimbirana. Titagulitsa kwa masabata awiri, tinamva kuti dothi lija analikumba m'mbali mwa ngalande yomwe kale inkatulutsa madzi ochokera kumgodi.

Kwa inu a kutali, ndifotokoze chifukwa chake mitima yathu inagunda. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, ndipo tauni yathu, imene kale inkatchedwa Broken Hill, inakula chifukwa cha mgodi umenewo. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'nthaka, makamaka m'makomboni oyandikana nao monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu suola ngati manyowa, ndipo sungauone ndi maso kapena kuumva pa lilime. Umalowa m'thupi kudzera m'fumbi limene timapuma ndi kumeza, ndiponso m'zakudya. Amene umawapweteka koposa ndi ana aang'ono ndi amai apakati. Umaononga ubongo wa mwana amene akukula, kotero kuti amavutika kuphunzira moyo wake wonse. A bungwe la zaumoyo la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ulibe vuto. Ndiwo zamasamba zimagwira fumbi mosavuta, ndipo zimatha kukokanso mtovu wina kuchokera m'dothi.

Tinaitana msonkhano. Funso linali limodzi: kodi tipitirize kugulitsa, kapena tileke ndi kuwauza anthu? Panatuluka maganizo atatu, ndipo onse anachokera kwa anthu abwino.

Woyamba anati, "Palibe amene walipima dothi limeneli. Mwina lilibe kanthu. Titayirenji ndiwo chifukwa cha mphekesera?" Ananena zoona kuti sitinali kudziwa. Koma taganizani. Mutamva kuti mwina m'chitsime mwagwera mankhwala a makoswe, kodi mungamtungire mng'ono wanu madziwo poti simunaone ndi maso? Pamene tikukayika, tiyenera kuyerekeza zimene zingatayike mbali zonse ziwiri. Ngati dothi linali labwino ndipo ife tataya repu, taluza ndalama, zomwe tingapezenso nyengo ina. Ngati linali loipa ndipo ife tagulitsa, aluza ndi mwana wa munthu wina, ndipo chimene waluzacho sichibwezeka.

Wachiwiri anati, "Ife sitinamize munthu. Palibe wogula amene amafunsa za dothi. Akafunsa tidzamuuza." Apa ndi pamene panagona nkhani. Kodi kukhala chete ndi kunama? Kuli kukhala chete kwabwino, monga kusunga chinsinsi cha mnzako. Koma wogula ndiwo safunsa za dothi chifukwa amatikhulupirira. Akaona mtolo wa repu patebulo, mtolowo umamuuza kuti ichi ndi chakudya, kadyetse ana ako. Ngati ine ndikudziwa chinthu chimene chingamlepheretse kugula, ndipo ndikuchibisa ndi cholinga choti agule, ndiye kuti ndamnamiza, ngakhale pakamwa panga sipanatuluke bodza. Muyeso wake ndi wosavuta: kodi iyeyo atadzazindikira pambuyo pake, adzati sanafunse yekha, kapena adzati tinamchenjerera?

Wachitatu ndiye anatifika pamtima. Anati, "Nanga amasiye athu? Mabedi anaiwo ndi nsapato za ana angapo. Kodi tiwauze kuti apite kusukulu opanda nsapato chifukwa cha mantha athu?" Tonse tinakhala chete. Kenaka amai ena achikulire, amene bedi lao linali limodzi mwa anai aja, anayankha kuti, "Ana anga, mwana amene adzadye repu ameneyu nayenso ndi mwana. Kusiyana kwake nkwakuti dzina lake sitilidziwa." Mau amenewa ndiwo anathetsa mkangano. Nkosavuta kuchitira chifundo munthu amene nkhope yake tikuiona, ndi kumlipiritsa mtengo wa chifundocho munthu amene sitidzamuona. Chifundo chotere si chilungamo ai.

M'buku la Deuteronomo, mutu 22, muli lamulo loti womanga nyumba yatsopano aike kampanda kuzungulira denga, kuti pasagwe munthu. Lamulolo silidikira kuti wina ayambe wagwa, kapena kuti mlendo ayambe wafunsa ngati dengalo lili bwino. Udindo uli pa mwini nyumba, chifukwa ndiye adziwa pamene pali ngozi.

Ife a ku Kabwe tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa anthu ena onse. Chuma cha mgodi chinapita kutali, koma fumbi linatsalira ana amene anali asanabadwe nkomwe. Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zothandiza kukonza malo oonongeka ndi migodi m'Zambia, kuphatikizapo Kabwe. Mu 2020 maloya oimira amai ndi ana a kuno anasumira kampani ya Anglo American kukhoti la ku Johannesburg, ndipo kampaniyo inakana kuti si mlandu wake. Timadandaula tikamamva zimenezi, ndipo timafunsa kuti anthu amene ankadziwa anakhaliranji chete. Koma tsiku lija pamsonkhano, funso lomwelo linatembenukira kwa ife. Tikanapitiriza kugulitsa, tikanachita pa mabedi anai chinthu chomwe timatsutsa ena kuti anachita pa tauni yonse.

Tsono tinachita izi. Repu yense wa m'mabedi anaiwo tinamzula. Sitinampatse nkhuku kapena kumuika pa mulu wa manyowa. Dothi lija sitinakalitaye kuseri kwa mpanda, pakuti kumeneko kumasewera ana a eni ake. Tinakumba dzenje lakuya pakona ya dimba, kutali ndi chitsime, nkukwiriramo zonse, ndi kubzala kapinga pamwamba kuti pasauluke fumbi. Tinagwirizananso kuti dothi kapena manyowa alionse olowa m'dimba, gulu lonse liyambe ladziwa kumene achokera. Ndiwo timazitsuka bwino ndi madzi oyera, ndipo aliyense amasamba m'manja asanadye.

Chovuta kwambiri chinali kupita kumsika kukawauza amai amene tinawagulitsa kale. Tinawafotokozera zonse, ndi kuwalangiza kuti amene ali ndi nkhawa ndi ana ao akafunse kuchipatala za kupimitsa magazi. Ena anatithokoza. Amai ena anakwiya kwambiri, ndipo mpaka lero sagulanso kwa ife. Nyengo imeneyo thumba lathu linapepuka, ndipo ana awiri anadikira mpaka temu yotsatira kuti alandire nsapato.

Sindikuuzani kuti zonse zinatha bwino. Dothi lija sitinalipimitse, chotero nkutheka kuti tinakwirira ndiwo zabwinobwino. Komabe sindikuona kuti tinalakwa. Munthu amaweruzidwa ndi chimene anachita ndi zomwe ankadziwa pa nthawiyo, ndipo ife tinkadziwa zokwanira kuti tisakhale chete.

Mwina inu mulibe dimba. Koma tsiku lina mudzagulitsa njinga yothyoka pamene wogula sakuona, kapena nkhuku imene yayamba kuodzera, kapena matimati amene mwawathira mankhwala dzulo lomwe. Wogulayo sadzafunsa. Kodi inu mudzamuuza? Kambiranani funso limeneli m'magulu anu, ndipo mutilembere maganizo anu.