Mantha, Chikhulupiriro ndi Ulendo M'nyengo ya Zigawenga

Uchigawenga umasiyana ndi umbava wamba pa cholinga chake. Mbala imafuna katundu, ndipo ikamupeza imaliyatsa liwiro. Chigawenga chimapha anthu amene sichikuwadziwa n'komwe, pamalo poti wina aliyense akadatha kupezekapo, kuti otsala agwidwe nthumanzi. Ophedwa amakhala ochepa poyerekeza ndi ochita mantha, ndipo manthawo ndiwo phindu limene gululo limawerengera. N'chifukwa chake zigawenga zimasankha basi, msika, hotela, sukulu, tchalitchi kapena mzikiti, malo amene munthu sangawapewe pokhapokha ataleka kukhala ngati munthu. Choncho nkhani ya kukhala ndi kuyenda mopanda mantha si ya apolisi ndi asilikali okha. Imafika pa zimene munthu amakhulupirira zokhudza imfa, chitetezo cha Mulungu, ndiponso mnzake amene wakhala naye mpando umodzi.

Dziko la Kenya lalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri. Pa 7 Ogasiti 1998 bomba lidaphulika pa ofesi ya kazembe wa America mumzinda wa Nairobi, ndipo lina lidaphulika nthawi yomweyo ku Dar es Salaam. M'mizinda iwiriyi mudafa anthu 224, mwa iwo a ku America adali 12 okha. Ambiri adali nzika za Kenya zimene zidali pa ntchito m'nyumba yoyandikana, oyenda pansi ndi okwera basi. Mu Sepitembala 2013 gulu la al-Shabaab la ku Somalia lidapha anthu 67 pa masitolo a Westgate, kuphatikizapo mlakatuli wa ku Ghana, Kofi Awoonor, amene adabwera ku msonkhano wa alembi. Pa 2 Epulo 2015 gulu lomwelo lidapha anthu 148 pa yunivesite ya ku Garissa, ambiri mwa iwo ophunzira, ndipo mu Januwale 2019 lidapha ena 21 pa hotela ya DusitD2. Lero wolowa m'sitolo yaikulu ku Nairobi amayamba watsekula chikwama kuti mlonda asuzumiremo, amamuyendetsa kachipangizo kolira m'mbali mwa thupi, ndipo galimoto amaiyang'ana kunsi ndi kalilole womangirira ku ndodo. Anthu amaima pa mzere, kulowa, kugula zawo n'kumapita. Masitolo a Westgate adatsekulidwanso mu Julayi 2015.

Mfundo yoyamba pa nkhaniyi ndi yakuti mantha sadziwa kuwerengera. Pa 11 Sepitembala 2001 zigawenga za al-Qaeda zidalanda ndege zinayi ku America ndi kupha anthu pafupifupi 3,000. Zitatero anthu ambiri a m'dzikolo adasiya kukwera ndege, nayamba kuyenda maulendo ataliatali pa galimoto. Katswiri wa maganizo a anthu wa ku Germany, Gerd Gigerenzer, adawerengera kuti m'miyezi 12 yotsatira anthu ena pafupifupi 1,500 adafera pamsewu chifukwa cha kusintha kumeneku. Adathawa ngozi imene ankaionera pa kanema, nalowa m'ngozi imene adaizolowera. Bungwe la zaumoyo la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, chiwerengero choposa kutalitali cha ophedwa ndi zigawenga. Kusiyana kwake n'kwakuti imfa ya uchigawenga imabwera nthawi imodzi, ili ndi mwini wake woichita mwadala, ndipo zithunzi zake zimazungulira m'mafoni kwa masiku ambiri, pamene maliro a pamsewu amabwera amodziamodzi, kulira kwake n'kuthera pa mudzi umodzi.

Komabe masamuwa ali ndi polekezera. Amathandiza munthu wa ku Lilongwe amene akukayika zokwera ndege yopita ku Nairobi kapena London, chifukwa kwa iyeyo n'zoona kuti gawo loopsa la ulendo ndi msewu. Sathandiza mlimi wa m'boma la Mocímboa da Praia ku Mozambique amene anthu a mudzi woyandikana nawo aphedwa dzulo. Chiwerengero cha dziko lonse chimabisa zoti ngozi imaunjikana malo ochepa.

Anthu oganiza mozama a ku Greece wakale sadaphunzitse kuti mantha ndi oipa mwa iwo okha. Aristotle adati kulimba mtima kuli pakati pa zinthu ziwiri zolakwika, umantha ndi kusasamala. Kwa iye munthu wolimba mtima amaopa chinthu choyenera kuchiopa, pa mlingo woyenera, koma amachitabe chimene chili chabwino. Wosaopa kanthu kalikonse sadamuone ngati ngwazi, adamuona ngati wozungulira mutu. Epictetus, amene adakhalapo kapolo ku Roma, adagawa zinthu pawiri: zimene zili m'manja mwa munthu ndi zimene sizili m'manja mwake. Tsiku ndi malo amene bomba lidzaphulike sizili m'manja mwa wapaulendo. Kufunsa za njira, kumvera chenjezo ndi momwe angachitire ndi anzake zinthu zikavuta, zimenezo ndi zake. Chiphunzitsochi n'chothandiza, ngakhale chimamveka chouma kwa mayi amene mwana wake sadabwereko ku Garissa.

Pakati pa Akhristu, Masalimo 91 ndi 121 ndiwo amawerengedwa kwambiri munthu akamanyamuka ulendo, poti amakamba za Mulungu wosunga anthu ake ku zoopsa za usiku ndi za usana. Ku Malawi si chachilendo kuona mlaliki akukwera basi isananyamuke, napempherera dalaivala, matayala ndi okwera onse, anthu n'kuvomera kuti amen. Vuto limayamba pamene mapemphero oterewa atengedwa ngati chithumwa, kapena ngati pangano lakuti wokhulupirira sangakhudzidwe ndi chipolopolo. Baibulo lenilenilo limakana maganizo amenewa. Mu Mateyu mutu 4, amene akugwiritsa ntchito Salimo 91 pofuna kuti Yesu adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi ndi Satana, ndipo Yesu akukana poti kutero n'kuyesa Mulungu. Mu Luka mutu 13 Yesu akukamba za anthu a ku Galileya amene Pilato adawapha, ndi za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, natsutsa zoti iwowo adali ochimwa kuposa anzawo. Mutu 12 wa Machitidwe a Atumwi uli ndi nkhani ziwiri zogundizana: Herode apha Yakobo ndi lupanga, pamene Petro atulutsidwa m'ndende modabwitsa. Bukulo silinena kuti Yakobo adali ndi chikhulupiriro chochepa.

Mfundoyi ndi yofunika chifukwa maumboni a opulumuka amatha kuvulaza osadziwa. Munthu akaimirira mumpingo n'kunena kuti adapulumuka chifukwa adapemphera m'mawa, wamasiye amene wakhala kumbuyo amatsala ndi funso lakuti kaya mwamuna wake adalakwa chiyani. Ambiri mwa ophunzira amene adafa ku Garissa adaphedwa chifukwa chakuti adali Akhristu, ndipo ena adapezedwa ali pa mapemphero a m'mamawa. Chikhulupiriro chachikhristu sichilonjeza kuti wokhulupirira sadzafa imfa yoopsa. Chimene chimanena n'chakuti imfa si mapeto, ndipo wakupha thupi alibe mphamvu pa zonse. Mtendere umene chimapereka ndi wa mtundu umenewo, ndipo suchotsa udindo wa kusamala. Nehemiya pomanganso linga la Yerusalemu adapemphera, komanso adaika alonda usana ndi usiku.

Chisilamu chili ndi chiphunzitso chofanana ndi chimenechi pa nkhani ya kuyedzamira mwa Mulungu, kumene m'Chiarabu kumatchedwa tawakkul. Nkhani yodziwika imasimba za munthu amene adafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamira yake kapena angoisiya podalira Mulungu, ndipo adauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kuyambira ndi kumanga. Inanso ndi ya Umar, mtsogoleri wachiwiri wa Asilamu, amene ali pa ulendo wopita ku Syria adamva kuti kumeneko kwagwa mliri, nabwerera. Mnzake Abu Ubayda atamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Mulungu, Umar adayankha kuti kubwererako nakonso kuli m'chikonzero chomwecho. Chikhulupiriro chakuti tsiku la imfa lidalembedwa kale chimachotsa nkhawa yosathandiza, koma sichiloleza munthu kulowa dala m'msewu umene aliyense akudziwa kuti muli zigawenga. Akuluakulu a kuno adanena kale zoti safunsa adadya phula.

Pamenepa m'pamene pamabukira funso lovuta la kuthawa. Kumpoto kwa Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zidayamba kuukira pa 5 Okotobala 2017 m'tauni ya Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2021 zidalowa m'tauni ya Palma, zimene zidachititsa kampani ya TotalEnergies kuimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho zidafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chimene chimachita malire ndi Malawi. Asilikali a ku Rwanda ndi a mayiko a SADC adapita kukathandiza boma la Mozambique mu 2021. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawapo m'midzi yawo, ena pansi kudutsa m'tchire, ena pa mabwato opita ku Pemba. Palibe chipembedzo chimene chingawatche osakhulupirika. Yosefe adathawitsa Mariya ndi mwana kupita ku Igupto, Paulo adatsitsidwa mu dengu pa linga la Damasiko usiku, ndipo Mtumiki Muhammad adachoka ku Makka kupita ku Madina mu 622 moyo wake uli pa chiswe, ulendo umene kalendala ya Chisilamu imayambira.

Koma aliponso amene amasankha kukhala. Sisitere Maria De Coppi, wa chipani cha Comboni, adafika ku Mozambique mu 1963 kuchokera ku Italy, napirira nkhondo yomenyera ufulu ndi yapachiweniweni yomwe. Adaphedwa mu Sepitembala 2022 pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula ali ndi zaka zoposa 80. Ku Algeria amonke asanu ndi awiri a ku Tibhirine adakana kusiya Asilamu oyandikana nawo ngakhale adachenjezedwa, ndipo adagwidwa ndi kuphedwa mu 1996. Anthu oterewa sadakhale poganiza kuti chipolopolo chidzawalambalala. Adakhala chifukwa cha anthu amene adali pa udindo wowatumikira. Zikuoneka kuti pamenepa ndi pamene pagona kusiyana kwa kulimba mtima ndi kudzionetsera: wina amalowa m'ngozi chifukwa pali munthu womuthandiza, wina chifukwa akufuna kutsimikizira anthu kuti iye saopa.

Choipa chachikulu cha mantha sichili pa maulendo olephereka. Chili pa kusandutsa mnansi kukhala wokayikitsa. Mu Epulo 2014 apolisi a ku Kenya adagwira anthu ambirimbiri a mtundu wa Chisomali m'dera la Eastleigh ku Nairobi, nawasunga pa bwalo la masewero la Kasarani kuti awafufuze, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu adadzudzula nkhanza zimene zidachitika. Izi n'zimene zigawenga zimafuna, chifukwa mnyamata wochitidwa chipongwe kaamba ka dzina lake kapena chovala chake savuta kumukopa. Zimaiwalikanso kuti m'mayiko monga Somalia, Afghanistan, Iraq ndi Pakistan ambiri ophedwa ndi magulu otere ndi Asilamu.

Nkhani ya basi ya ku Mandera, ku Kenya komweko, ikuonetsa njira ina. Mu Novembala 2014 a al-Shabaab adaimitsa basi yochokera ku Mandera kupita ku Nairobi, nalekanitsa okwera potengera chipembedzo, ndi kupha 28 amene sadali Asilamu, ambiri mwa iwo aphunzitsi opita ku tchuthi. Mu Disembala 2015 adaimitsanso basi ina m'dera lomwelo. Ulendo uno Asilamu a m'basimo adakana kupatulidwa, ndipo amayi ena adabwereka Akhristu nsalu zofunda kumutu kuti asazindikirike. Anthu awiri adaphedwa, zigawengazo n'kuchoka. Mphunzitsi wachisilamu, Salah Farah, adawomberedwa pa chochitikacho, namwalira m'chipatala ku Nairobi mu Januwale 2016, ndipo boma lidamupatsa ulemu wapadera atamwalira kale. N'zosakayikitsa kuti anthu a m'basi imeneyo adali ndi mantha ngati wina aliyense wolozedwa mfuti. Manthawo sadawauze chochita.

Kulimba mtima kotere sikungalamulidwe ndi munthu amene ali pa mtendere. Pambuyo pa kuphedwa kwa anzawo mu 2014, aphunzitsi ambiri ochokera kumadera ena a Kenya adakana kubwerera ku sukulu za kumpoto chakum'mawa, ndipo boma litawaumiriza adachita zionetsero ku Nairobi. Ana a m'maderawo adatsala opanda aphunzitsi okwanira, zimene zidali phindu kwa zigawenga, komabe n'kovuta kudzudzula kholo limene lidaona kuti ana ake omwe akufunika bambo wamoyo. Uthenga wakuti anthu asaope umakhala ndi tanthauzo pamene woulankhulayo, kaya ndi boma, mpingo kapena mzikiti, wasenzako gawo la ngoziyo: asilikali operekeza mabasi, nyumba za aphunzitsi zotetezedwa, ndi atsogoleri achipembedzo amene amakhala m'dera lomwelo limene akulimbikitsa ena kukakhalamo.